Yohane wa Makutu Aatali

Mukatsika minibasi ku Luangwa, ku Kitwe, n'kufunsa kwa a Miti a mapoto, aliyense akulozerani nyumba imene pabwalo pake pali mbuu ndi fumbi la simenti. A Osward Miti akhala akuumba pamenepo kuyambira mu 1987. Amaumba mapoto a maluwa, mizati ya m'khonde, zomwera nkhuku ndi ziliza za pamanda. Ndi bambo wamfupi, wa manja okhakhala ngati njerwa, wosachuluka mawu. Pa zonse zimene anaumba ali mnyamata, chifaniziro cha munthu chinali chimodzi chokha, ndipo chimenecho ndicho chawamanga mpaka lero. Akazi awo, malemu Philomena, ankachitcha Yohane Woyera, ndipo anapempha kuti chidzaime pamanda awo. A Miti okha ndiwo ankadziwa kuti si Yohane.

Anabadwa pa 3 Febuluwale 1954 ku Katete, m'banja la mpingo wa Reformed, umene kwawo amangoti wa Datchi. Anakula akudziwa kuti m'tchalitchi mumakhala gome, Baibulo ndi makoma oyera basi, zosemasema ndi za Aroma. Mu 1973 anatsatira amalume awo ku migodi, koma pansi sanatsikeko, poti anawapeza ndi chifuwa. Choncho anakalowa ntchito yosamalira maluwa ku Nkana East, kumene nyumba zimabisala m'mitengo ndipo agalu amadya nyama.

Bwana wawo womaliza anali a Durrani, a ku Pakistan, katswiri wa miyala pa mgodi. Pakona ya chipinda chawo chochezera panali munthu wa mwala, wofika m'bondo. Mwalawo unali wotuwa, wonyezimira ngati wawazidwa mchere. Loweruka lililonse, akamapaka polishi pansi, a Miti ndiwo ankaitanidwa kudzamunyamula kupita naye pakhonde, motero anamuzolowera nkhope. Anali mnyamata wopanda ndevu, wa maso otsinzina pang'ono. Dzanja lamanja anali atakweza, chikhatho chikuyang'ana kwa iwe. Kumbuyo kwa mutu kunali chozungulira ngati mbale, tsitsi lopotana litamangidwa mfundo pamwamba, makutu aatali olendewera. Koma chimene chinkawaimitsa a Miti chinali mkanjo. Unakuta mapewa onse awiri n'kutsika m'makwinya ofewa, moti munthu ukanati ukaupuzira mpweya ugwedezeka.

Tsiku lina analimba mtima n'kufunsa.

"Bwana, ameneyu ndi woyera wa Aroma?"

A Durrani anaseka. "Ayi, Osward. Ndi Buda, mphunzitsi wakale wa ku India, amene anthu ambiri a kum'mawa amamutsatira. Ine sindimupembedza, ndine Msilamu. Ndimamusunga chifukwa mwalawu ndi wa kwathu."

"Nanga bwanji wavala ngati atumwi?"

"Mkanjowo ndi wa Agiriki."

"Agiriki a buledi a m'tauni aja?"

"Makolo awo," anatero a Durrani akupukuta misozi ya phwete. Anawakhazika pa sitepe n'kuwafotokozera. Dziko la kwawo kale linkatchedwa Gandhara. Yesu asanabadwe, asilikali a Agiriki anafika kumeneko, ndipo ena sanabwerere kwawo. Anasiya kumeneko kasemedwe kawo, kosema munthu ngati wamoyo ndi nsalu ngati nsalu. Nthawi imeneyo otsatira Buda sankamusema nkhope. Ankangosema mapazi ake, kapena mtengo umene ankakhala pansi pake, kapena mpando wopanda munthu. Patapita mibadwo, amisiri a ku Gandhara anamupatsa thupi, ndipo pofuna chomuveka anatenga mkanjo umene ankadziwa kusema, wa Agiriki uja. "Aroma akonso oyera awo anawaveka nsalu yochokera komweko," anamaliza a Durrani. "N'chifukwa chake wasokonezeka. Telala ndi mmodzi, ovala ndi osiyana."

A Durrani ndiwo anawaphunzitsa kupanga zikombole za mpira, zija amapaka mpira wamadzi pa chinthu, ukauma n'kuusenda utatenga maonekedwe ake onse. Anayamba ndi mapoto. Bwanayo atatsala pang'ono kubwerera kwawo, anati, "Ukatha kutenga makwinya a mkanjowu osaung'amba mpira, palibe poto amene adzakuvute." Anagwira limodzi ntchitoyo pakhonde. Pa 30 Juni 1986 a Durrani ananyamuka ndi mwala wawo, a Miti n'kutsala ndi wilibala, zikombole za mapoto, ndi chikombole cha Buda.

Anachithira kamodzi kokha, pofuna kuona ngati manja awo angathe okha. M'simenti anasakanizamo mchenga wakuda wa zotsala za ku mgodi, ndipo chinatuluka chotuwa, chonyezimira, ngati mbale wake wa mwala uja. Anachiyang'ana mtima uli m'malo, kenako mantha anawagwira. Munthu wongoyamba kumene bizinesi ku komboni, n'kupezeka ndi mulungu wa amwenye pakhomo, anthu akanati wakhwimira. Ndiponso iwo anali a Datchi. Anachikokera kuseri kwa nyumba n'kuchiimika m'nthochi.

Akazi awo atafunsa, anangoti, "Ndi chokongoletsa cha abwana aja."

Philomena Daka anali mwana wa munthu wa mu mgodi, Mkatolika wa korona m'thumba, wa pakamwa pothwa. Anakwatirana pa 8 Seputembala 1984 atagwirizana kuti Lamulungu aliyense azilowera kwake. Mwana wawo woyamba, Amos, anamwalira pa 11 Novembala 1987 asanayambe kuyenda. Wachiwiri, wamkazi, anapita mu 1989 asanapatsidwe n'dzina lomwe. Mu 1991 Philomena anali ndi pakati pachitatu, ndipo anasiya kuseka, anasiya kukangana ndi ogulitsa tomato, ankangokhala pakhonde manja ali pamimba.

Pa 2 Okutobala chaka chimenecho a Miti anapita ku Katete kukaika bambo awo. Pobwera anapeza m'nyumba muli amayi a mphakati, umene Abemba amati citente, atadzaza mpaka pakhomo. Pa tebulo panali poyalidwa nsalu yoyera, kandulo akuyaka, ndipo pakati panali pataima chifaniziro chija, chotsukidwa bwino, korona ali m'khosi.

Mayi Pauline Shawa, mtsogoleri wa mphakati, ndiwo anawalandira chikwama.

"A Miti, pepani ndi maliro. Koma inu a Datchi muli ndi mtima wouma. Yohane Woyera mpaka kumugoneka m'nthochi, nkhuku zikumunyera?"

"Mayi, chimenecho si..."

"Si chiyani? Ndevu alibe. Mwa atumwi onse wopanda ndevu ndani? Onani kuwala kumbuyo kwa mutu. Onani mkanjo. Dzanjalo akutidalitsa."

"Nanga chili pamutucho?" anafunsa mayi wina wa kumbuyo.

"Lawi la Pentekoste," anayankha a Shawa osatembenuka n'komwe. "Simuwerenga inu? Linatera pamutu pa aliyense."

"Makutuwo ndiye atalika, mwe," anatero mayi winanso.

"Munthu amene anatsamira pachifuwa pa Ambuye n'kumva zonse, mufuna akhale ndi timakutu ngati tanu, tongomvera miseche?"

Amayi onse anaseka, ndipo pakati pawo a Miti anamva kuseka kwa Philomena, kumene anali asanakumve chiyambire mvula yapita. Anayang'ana akazi awo. Nkhope inali itabwerera. Mawu amene anali atafika pamilomo anawameza. Anadziuza kuti adikire mwana abadwe, akatero adzanena.

Mwanayo anabadwa pa 27 Disembala 1991, wamkazi, wolira mwamphamvu. A Miti sankadziwa kuti tsikulo ndi lotani mpaka anapeza a Shawa kuchipatala akuvina m'khonde. Pa kalendala ya Akatolika, 27 Disembala ndi tsiku la Yohane Woyera, mtumwi. Anamutcha Joy. Philomena atatuluka m'chipatala, asanakhale pansi, anakagwada pa tebulo paja mwana ali m'manja.

Kuyambira pamenepo khomo loti anene zoona linatsekeka. Akanati anene, akanayamba ndi mawu ati? Kuti mayi amene waika ana awiri, n'kupatsidwa wachitatu pa tsiku la woyera wake, wakhala akugwadira mphunzitsi wa amwenye? Ndiponso kuti mwamuna wake ankadziwa, n'kumangoyang'ana? Chaka chilichonse chodutsa chinkawonjezera kulemera kwa funso lachiwirilo.

Ku mpingo kwawo nakonso nkhani inafika. Mkulu wa mpingo, a Jairus Mvula, anabwera Lachiwiri lina masana a Miti akusefa mchenga. Anasuzumira pa zenera, n'kubwerera akupukusa mutu.

"A Miti, lamulo lachiwiri mukulikumbukira, kapena simenti yalowa m'mutu?"

"Ndi za amayi a kunyumba, akulu. Ine sindigwadako."

"Anaumba ndani?"

A Miti anayang'ana sefa.

"Tinkafuna tikuikeni udikoni," anatero a Mvula. "Koma dikoni woumbira Aroma mafano, anthu adzatiseka. Lichotseni, tidzakambirane."

Sakanalichotsa, ndipo sakanawauza a Mvula kuti nkhaniyo ndi yoposa pamene akuionera. Udikoni unapita kwa wina. A Miti anasankha benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo akhala pamenepo mpaka lero.

Anayesapo kamodzi kuchichotsa. Mu Malichi 1996 ananena kuti simenti yayamba ming'alu kumapazi, n'kuchitengera mu shedi, akuganiza kuti pakapita nthawi chiiwalika. Sabata yomweyo Joy anadwala malungo mpaka kukomoka. Philomena sanakalipe. Anangolowa mu shedi, n'kuchinyamula yekha pamimba ngati mtondo, n'kukachibwezera pa tebulo. Mwana anachira ndi mankhwala a kuchipatala, koma m'nyumbamo panalibe wofunsa kuti wachiritsa ndani. Amayi a mphakati ankabwera kudzapempha kuti awaumbireko Yohane wawo. A Miti ankayankha kuti chikombole chinawola, ndipo apo pokha sankanama, chifukwa mpira sukhalitsa.

Philomena ankawaseka amuna awo chifukwa cha mmene ankadutsira pa tebulopo, chammbali, maso ali kukhoma.

"Atate ake Joy, sakulumani. Mupatseni moni mwana wanu, munaumba nokha."

"Amake Joy, ine ndine wa Datchi."

"Wa Datchi wamantha. Kwanu kuja mumapemphera kuyang'ana khoma ngati ana olangidwa."

Madzulo ena, akazi awo akamapemphera korona, a Miti ankakhala pakhomo akumva mawuwo, n'kumadzifunsa kumene akupita. Philomena ankatchula Yohane, mtima wake unali kwa Yohane. Kodi pemphero limatsata dzina kapena nkhope? Panalibe woti amufunse. Abusa awo akanati zonse ndi mafano. Wansembe akanabwera kudzachichotsa. A Durrani anali kutali, mwinanso anali atamwalira.

Joy anakula, anaphunzira zosoka, anakwatiwa ku Kabushi, ku Ndola, kumene amasoka mayunifolomu a sukulu. Chaka chilichonse pa 27 Disembala ankakwera minibasi kubwera ku Luangwa, iye ndi mayi ake n'kuyatsa kandulo watsopano.

Philomena anayamba kudwala impso kumayambiriro kwa 2023. Pofika mu Juni anali atasiya kudzuka, ndipo anapempha kuti tebulo lija alisunthire kuchipinda. M'mawa wina, a Miti atamumwetsa phala, anaika kapu pansi n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Amake Joy, pali nkhani imene ndakhala nayo nthawi yaitali."

"Ngati ndi mwana wa kunja, mwachedwa. Ndilibe mphamvu zomenya munthu."

"Si zimenezo. Ndi za chifanizirochi."

"Eya, nanenso ndimafuna tikambe zomwezo." Anatembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana pa tebulo. "Ine ndakupirirani ndi mpingo wanu wopanda kandulo, inunso mwandipirira. Sindinakupempheni kuti mulowe Chikatolika. Ndikupempha chimodzi. Chiliza changa muumbe ndinu, ndipo Yohane akaime kumutu kwanga. Kumanda kuja n'kwa anthu ambiri osawadziwa. Ndikufuna nkhope imene ndaizolowera."

A Miti anatola kapu ija n'kuyamba kuipukuta.

"Mwamva, a Miti?"

"Ndamva."

"Nanga nkhani yanu ija?"

Anayang'ana manja a akazi awo, owonda, akusisita mikanda ya korona. "Ndimati simenti yake ndi yolimba," anatero. "Mvula siidzaiwononga."

Philomena anamwalira Lamulungu pa 9 Julayi 2023, ndipo anaikidwa ku manda a m'mbali mwa msewu wa ku Chingola.

Banja linagwirizana kuti chiliza chidzavundukulidwe Loweruka pa 17 Ogasiti 2024. A Miti anaumba mwala wa pamwamba ndi wa dzina mosavuta. Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali cha kumutu. M'nyumba, chinthucho chinali cha anthu awiri ndi mphakati wawo. Kumanda chikaima poyera, wansembe adzachiwaza madzi odalitsa, ndipo chidzakhala pamwamba pa Philomena iwo atapita, Joy atapita, popanda wotsala wodziwa.

Anaganiza njira. Anabwereka kalendala yakale ya ku parishi yokhala ndi chithunzi cha Yohane weniweni, n'kuyamba kuumba wina ndi dongo, kenako simenti. Anamupatsa buku m'manja, makutu aumunthu, tsitsi logwera m'mapewa, pamutu posalala. Nkhope inawavuta, poti iwo ndi munthu wa zikombole, osati wosema. Mkanjo unatuluka wolemera ngati bulangete lonyowa. Komabe anali Yohane.

Joy anabwera pa 3 Ogasiti kudzaona mmene ntchito ikuyendera. Bambo ake anamutengera ku shedi n'kuchotsa thumba limene anafunditsa.

"Uyu ndani, atate?"

"Yohane. Watsopano, wa kumanda. Wakale uja wakalamba."

Joy anamuzungulira. "Ameneyu akufanana ndi kondakitala wa minibasi imene ndakwera. Akungotsala kundifunsa chenji."

"Ndi mmene alili pa kalendala ya ku tchalitchi kwanu."

"Kaya kalendala. Amayi sanapemphe wa pa kalendala. Anapempha wawo, wa makutu uja. Vuto n'chiyani? Ndi a Mvula anu aja ayambanso?"

"Khala pansi, mwanawe."

Joy anakhala pa poto wovundikira. A Miti anafotokoza zonse ataimirira, maso ali pa mulu wa mchenga. Ananena za a Durrani, za Gandhara, za Agiriki ndi mkanjo wawo, za nthochi, za ulendo wa ku Katete. Mawu amene anawasunga kuyambira mwanayo asanabadwe anatha msanga, mpaka iwo eni anadabwa kuchepa kwake.

Joy anatsegula chikwama chake. Anatulutsa foni, n'kuwafunsa kalembedwe ka dzina la dzikolo. Zithunzi zitabwera, anayendetsa chala pang'onopang'ono. Zinali za miyala yotuwa ya m'nyumba zosungira zinthu zakale za kunja, ina yoduka manja, ina mitu yokha. Onse anali ndi mfundo ija pamutu, makutu aja, makwinya aja. Anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo a Miti anamuona pa zenera ataima patsogolo pa tebulo, foni ili m'mwamba pafupi ndi nkhope ya chifanizirocho. Kenako anabwerera ku shedi.

"Ndiye amayi ankagwadira ndani?"

"Sindikudziwa. Ndadzifunsa zaka zonsezi."

"Ine makandulo onse aja ndinkayatsira ndani?"

A Miti anawerama n'kutola thumba lija.

"Mwandiuziranji, atate? Amayi munawasiya apite ndi mtendere wawo. Ine ndiye mwaona kuti wanga ndilibe nawo ntchito?"

"Ndimati tithandizane. Tiike watsopanoyu."

"Tiwauze chiyani a Shawa? Akuyenda ndi ndodo, koma maso akuona. Amayi a mphakati asoka kale zitenje. Aliyense akudziwa chimene amayi anapempha, anachinena pamaso pa onse atabwera kudzawapatsa Ukaristiya. Mukufuna musinthe, yambani ndinu. Nyumba ya a Shawa mukuidziwa. Kawauzeni kuti lawi la Pentekoste lija ndi tsitsi."

A Miti anaganiza za mayi wokalambayo, amene anagona pansi m'chipatala usiku umene Joy anabadwa, amenenso anasambitsa thupi la Philomena. Anayesa kupanga mawu oyamba m'mutu mwawo, koma sanabwere.

"Sindingathe," anatero.

"Nanenso sindingathe." Joy anatola chikwama chake. "Amayi anapempha uja. Mukaike uja. Kondakitala wanuyu mufunditseni."

Anapita osadya.

Lachisanu pa 16 Ogasiti a Miti anakulunga chifanizirocho m'bulangete la Philomena n'kupita nacho kumanda pa galimoto yobwereka. Kumanda kumabedwa zinthu, mitanda yachitsulo, matailosi, ngakhale maluwa apulasitiki. Chinthu chofika m'bondo, chongokhazika, sichikanatha mwezi. A Miti anaima nacho m'manja akuganiza zimenezo. Akanangochikhazika ndi simenti yochepa, akuba akanawamasula, ndipo palibe akanawaimba mlandu. Koma anaona m'maganizo mwawo kumutu kwa Philomena kuli chibowo, ndi Yohane wake ali pa msika pakati pa mapoto. Anaboola pansi pa mapazi, analowetsa chitsulo chokhuthala ngati chala, n'kuchimiza m'konkire ya chiliza. Anasakaniza simenti yamphamvu kuposa imene amaikira makasitomala. Atamaliza anayesa kuchigwedeza ndi manja onse awiri. Sichinasunthe.

M'mawa mwake anthu anadzaza. Kunali abale a ku Chipata ndi a ku Katete, amayi a mphakati m'zitenje zofanana, ndi anthu ochepa a ku Reformed ataima chapatali pansi pa mtengo, a Mvula ali pakati pawo. Mwambo anatsogolera ndi wansembe wachinyamata, Bambo Collins, amene anali atangobwera kumene ku parishiyo. Ankasakaniza Chibemba ndi Chinyanja kuti onse amve. Atatha mapemphero, Joy ndi azakhali ake anagwira nsalu yoyera n'kuichotsa. Amayi analulutira chapansipansi, monga amachitira kumanda.

Bambo Collins anayandikira ndi madzi odalitsa, kenako anaima. Anayang'ana mfundo ya pamutu, anayang'ana makutu, anawerama kuona chikhatho. Anakhala choncho mpaka nyimbo inatha, oimba n'kusowa chochita.

"Anaumba ndani?" anafunsa.

"Amuna a malemuwa, Abambo," anayankha a Shawa monyadira. "Ndi a Datchi, koma manja ndi athu."

Wansembeyo anatembenukira kwa a Miti. Sanakweze mawu, koma pamandapo panali zii, moti onse anamva.

"Bambo Miti, ameneyu ndi woyera uti?"

A Miti anaona kuti munthuyo akudziwa, kapena akukayika kwambiri. Anayang'ana Joy. Joy anali atagwira nsalu ija pachifuwa, maso ali pa dzina la mayi ake. Anayang'ana a Shawa, atatsamira ndodo, akumwetulira, akudikira kuti wa Datchi atchule dzina la woyera ndi pakamwa pake. Pansi pa mtengo a Mvula anali atatchera khutu. A Miti anavula chipewa.

"Philomena ankamutcha Yohane," anatero.

Bambo Collins anawayang'anabe kanthawi. Kenako anaviika chowazira m'madzi. Anawaza mwala wa pamwamba, anawaza dzina, anawaza maluwa ndi dothi la m'mbali, n'kutembenuka kuti abwerere.

A Shawa anawakoka mkanjo. "Abambo, mwamusiya Yohane."

Wansembeyo anaima. Anayang'ana gulu la amayi aja, onse akudikira. Anaviikanso, n'kuwaza. Madzi anatsika m'makwinya a mkanjo mpaka kumapazi. Amayi anagwada. A Miti anatsala chiimire pakati pawo, chipewa chili m'manja, poti kugwada sakanatha, ndipo pochokera panalibe.

A Mvula sanadikire chakudya. Wansembe potsanzika anagwira dzanja la a Miti nthawi yaitali, koma mpaka lero sanawaitanepo kuti akambe za chifanizirocho.

A Miti akuumbabe mapoto ku Luangwa. Yohane wa buku uja ali mu shedi, wofunditsidwa thumba. Joy amaimba foni Lamulungu lililonse, amafunsa za miyendo yawo ndi za mankhwala, koma za kumanda sakambirana.

Pa 27 Disembala 2024 amayi a mphakati anapangana zokayendera manda, ndipo anatuma uthenga kuti a Miti abwere ndi ndowa ndi burashi, poti amadziwa kutsuka simenti osaikanda. Joy anafika mochedwa kuchokera ku Ndola, wopanda kandulo. A Shawa anatulutsa wawo m'chikwama n'kumupatsa.

"Tinadziwa kuti uiwala, ana a masiku ano. Yatsa. Lero ndi tsiku lako ndi la woyera wako. Mayi ako kulibe, pemphero utsogolere ndiwe."

Joy anagwira kanduloyo. Anayang'ana bambo ake, amene anali ataima kuseri kwa chiliza ndi ndowa yawo, manja akudontha madzi. A Miti anatsegula pakamwa, koma amayi anali atagwada kale, mitu ili pansi. Joy anayatsa machesi, anatchinga lawi ndi dzanja, n'kugwada.

"Yohane Woyera," anayamba, mawu ali otsika.

"Kweza mawu, mwana," anatero a Shawa. "Makutu ndi aatali, koma ife akumbuyo sitikumva."